Kodi mumadziwa? Kumene kumagona imelo, ndalama za pa foni ndi mabuku a gulu lanu

Kodi mumadziwa kuti mtsikana wa pa booth ya Airtel Money kapena MTN MoMo ku Kabanana amakhala akulemba mu database kuyambira m'mawa mpaka kuweruka? K200 imene mwatumizira agogo ku Katete siyenda ulendo ayi. Pa kompyuta yaikulu ya kampani pali mzere wa nambala yanu ndi mzere wa nambala ya agogo. Kwa inu amachotsa 200, kwa agogo n'kuwonjezera 200, nkhani yatha. Kauthenga kamene kamalira pa foni ndi lisiti chabe. N'chifukwa chake foni ikabedwa mu minibasi ya ku tauni ndalama sizipita nayo limodzi, bola PIN ikhale yoti mumaidziwa nokha. Mumangonyamula reji, kukabwezeretsa simu, ndalama n'kuzipeza zili phee.

Kodi mumadziwa kuti cloud imene achinyamata amaitchula pafupipafupi ndi nyumba yeniyeni, ya mpanda ndi alonda pa geti? M'kati mwake mumakhala makompyuta masauzande otchedwa maseva, osanjikizidwa m'mashelefu achitsulo, oyaka usana ndi usiku. Amatentha kwambiri, choncho makina oziziritsa sapuma, ndipo panja pamakhala majenereta akuluakulu odikira kuti malaiti akangothima iwo alire. Zithunzi za chilanga mulilo zimene munasunga pa Google Photos zili m'nyumba yotere. Makampani akuluakulu amazikopera pa maseva angapo kuti imodzi ikafa zinthu zisatayike.

Nyumba zimenezi zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko lapansi mu 2024. Magetsi amene Zambia yonse imapanga pa chaka, ngakhale mutawachulukitsa kakhumi, safika pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti makampani atatu otchuka pa malonda a cloud onse ali ndi nyumba za maseva ku South Africa? Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu March 2019, Amazon ku Cape Town mu April 2020, ndipo Google inabwera pambuyo, ku Johannesburg, mu January 2024. Chodabwitsa n'chakuti EC2, ntchito ya Amazon yobwereketsa makompyuta pa intaneti imene inayamba mu 2006, inapangidwira ku Cape Town komweko ndi kagulu kotsogoleredwa ndi Chris Pinkham. Anaipanga ku Africa, koma Africa inadikira zaka 14 kuti Amazon imangeko maseva ake. Kuno kwathu ziliponso: Infratel, kampani ya boma, imayendetsa nyumba zosungira deta mu Lusaka.

Kodi mumadziwa kuti imelo inafika ku Lusaka intaneti isanafike? Mu 1991 akatswiri a makompyuta pa University of Zambia anayamba kutumiza makalata kudzera pa FidoNet. Kompyuta inkasonkhanitsa makalata onse, kenako n'kulumikizana pa telefoni ya waya ndi kompyuta inzake kunja kwa dziko, monga ya ku Rhodes University ku South Africa, n'kupatsirana zimene zasonkhana. Yankho munkalidikira pa ulendo wotsatira. M'ntchito imeneyo ndi mmene munabadwa kampani ya intaneti ya ZAMNET, ndipo pa 22 November 1994 Zambia inalumikizidwa ku intaneti kwathunthu. Linali dziko lachisanu mu Africa, komanso loyamba kum'mwera kwa Sahara tikachotsapo South Africa. Tsiku limeneli liyenera kumaphunzitsidwa kusukulu.

Kachizindikiro ka @ ka m'maadiresi a imelo kanasankhidwa ndi Ray Tomlinson mu 1971, chifukwa sikapezeka m'dzina la munthu aliyense.

Kodi mumadziwa kuti Gmail itatuluka pa 1 April 2004 anthu ambiri anaiyesa bodza la tsiku la zitsiru? Google inalonjeza malo a 1 GB kwa aliyense ulere, pamene Hotmail inkapereka 2 MB basi, malo osakwana n'chithunzi chimodzi cha mafoni a masiku ano. Lero akaunti ya Google imabwera ndi 15 GB yaulere. OneDrive ya Microsoft ndi iCloud ya Apple zimapereka 5 GB, Dropbox 2 GB.

Koma 15 GB imeneyo si ya imelo yokha. Amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos, ndipo kuyambira mu 2024 zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimawerengedwa momwemonso. Ikadzaza, makalata amasiya kulowa, inu osadziwa kuti wina anakulemberani. Taganizani: munafunsira ntchito ku kampani ya ulonda, iwo akuitanani ku intavyu, kalata n'kubwerera chifukwa malo anatha ndi mavidiyo a m'gulu la kwaya. Muzifufutako mavidiyo, abale.

Kodi mumadziwa kuti munthu akhoza kukhala ndi imelo zinayi koma osadziwa pasiwedi ya ina iliyonse? Imani pang'ono pa kafe yotayipa ndi kufotokopa, kaya ku Kabanana, ku Chipata kapena ku Mandevu, mumva zokambirana izi:

"Amayi, fomuyi ikufuna imelo. Muli nayo?"

"Ndili nayo mwana wanga, ananditsegulira mnyamata amene anandigulitsa foni."

"Nanga pasiwedi?"

"Iih, imeneyo ndiye akudziwa ndi iyeyo."

Mnyamatayo anasamukira ku Chawama kalekale. Wa pa kafe alibe nthawi, mzere ndi wautali, ndiye amangotsegula imelo ina yatsopano, n'kulemba pasiwedi pa kachidutswa ka pepala. Amayi amakamanga pa mfundo ya chitenje, chitenje n'kukachapidwa. Chaka chamawa foni ikasintha, ulendo ndi womwewo. Chimene amayiwo sakudziwa n'chakuti mu akaunti yoyamba ija ndi mmene munatsala manambala onse a abale, zithunzi za ukwati wa mwana wawo ndi zosunga zonse za WhatsApp. Sizinatayike, zilipo, koma atsekeredwa kunja. Ndipo amene anatsegula akauntiyo, ngati anasunga pasiwedi, akhoza kumawerenga makalata awo ali kutali. Wina akakutsegulirani imelo, muthokozeni, kenako sinthani pasiwedi tsiku lomwelo, n'kuilemba m'buku limene silichapidwa.

Nambala ya foni imene munalembetsa potsegula akaunti ndiyo imakupulumutsani mukaiwala pasiwedi. Koma simu ikakhala miyezi osagwira ntchito, kampani imaitseka, ndipo nambalayo imadzagulitsidwa kwa munthu wina. Kuyambira pamenepo manambala achinsinsi obwezeretsera akaunti yanu amapita kwa mlendo. Amene mumasintha simu chifukwa chothawa angongole, kumbukirani kusinthanso nambala mu akaunti.

Akaunti nayo imafa ikasiyidwa. Kuyambira December 2023, Google ili ndi ufulu wofufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osatsegulidwa, pamodzi ndi makalata, zithunzi ndi mafayilo onse.

Kodi mumadziwa kuti Gmail siwerenga madontho a m'dzina? Kalata yopita kwa dzina.langa ndi yopita kwa dzinalanga zimagwera m'bokosi limodzi. Fayilo yophatika pa kalata sipitirira 25 MB. Ikaposa, Gmail imaiika pa Drive n'kutumiza linki. Kalata yolembedwa mutapsa mtima mungathe kuibweza isananyamuke, ngati munatchera nthawi yodikira, imene imafika masekondi 30. Ndipo mlembi wotumiza kalata imodzi kwa makolo 80 a pasukulu aike maadiresi pa Bcc. Akawaika pa To kapena pa Cc, kholo lililonse laona adiresi ya mnzake, ndipo mawa wina ayamba kutsatsa salaula kwa onsewo.

Kusunga zinthu pa cloud kuli ngati kukhala m'nyumba ya lendi. Katundu ndi wanu, koma nyumba ndi ya eni. Landilodi akhoza kukweza lendi, kusintha malamulo a pa geti, kapena kukuuzani kuti chipinda chimene munkagona ulere tsopano n'cholipira. Choipirapo, lendi ya makampani akunjawa kawirikawiri imatsatira dola, choncho kwacha ikagwa mtengo umakwera inu musanawonjezere kanthu. Munthu wa lendi wanzeru sasiya mapepala ake onse ofunika m'chipinda chimodzi.

Kodi mumadziwa kuti buku la village banking likhoza kukhala m'manja mwa anthu 20 nthawi imodzi? Tonse timalidziwa buku lija: chikuto cholimba chakuda, msana wofiira, mizere yojambula ndi rula, dzina, masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha ochedwa. Limagona m'pulasitiki pansi pa matiresi a msungichuma. Mvula ya January ikalowa m'nyumba, inki imasungunuka, ndipo pa tsiku logawana mu December mkangano umayambira pa tsamba limene silikuwerengeka. Mizere yomweyo ikalembedwa pa Google Sheets kapena pa Excel ya pa intaneti, membala aliyense amatsegula pa foni yake n'kuona ngongole yake ali kunyumba akuphika. Kuwonkhetsa kumachitika kokha. Pa Google Sheets anthu mpaka 100 angathe kukhala pa tsamba limodzi nthawi imodzi.

Chimene ndimachikonda ine ndi ichi: tsambalo limakumbukira. Limasunga mbiri ya kusintha, anasintha ndani, tsiku liti, nthawi yanji, ndipo pamene panali 500 n'kusanduka 300 pamaoneka poyera. Mukhoza kulibwezera mmene linalili Lachiwiri lapitalo. Msungichuma wokhulupirika zimenezi zimamuteteza ku miseche ya m'komboni. Wa zala zazitali ndi amene mudzamumve akuti, "Aa, zimenezi n'zovuta amayi, tiyeni tipitirize ndi buku lathu." Koma mbiriyo imagwira ntchito ngati aliyense akulowa ndi akaunti yakeyake. Mukabwerekana pasiwedi imodzi gulu lonse, dzina lotuluka ndi limodzi, ndipo mlandu umasowa mwini.

Pogawana tsamba mumasankha mphamvu ya munthu aliyense: woona chabe, wopereka ndemanga, kapena wosintha. Osintha akhale mlembi ndi msungichuma, ena onse aone ndi maso. Ndipo samalani ndi kusankha kuti aliyense amene ali ndi linki atsegule. Linki imayenda. Membala aitumiza kwa amuna ake, amunawo kwa mnzawo wa pa bawa, pofika Lamlungu komboni yonse ikudziwa amene ali ndi ngongole ya K3,000.

Kodi mumadziwa kuti Excel ndi Google Sheets zimadya ziro? Lembani nambala ya foni yoyamba ndi 097, 096 kapena 095, mukadina Enter mupeza ziro wa kutsogolo wasowa, chifukwa pulogalamuyo yaiyesa nambala yowerengera. Mankhwala ake: yambani ndi kachizindikiro aka ' musanalembe ziro, kapena uzani pulogalamu kuti danga lonselo ndi la mawu.

Nanga mumadziwa chifukwa chake ofesi iliyonse imafunsa nambala ya reji ngakhale mutatchula dzina lanu momveka bwino? Database sikhulupirira maina. M'gulu limodzi mukhoza kupezeka a Banda atatu ndi a Phiri anayi, ndipo munthu yemweyo lero alembedwa Mary, mawa Maria, mkuja amake a uje. Nambala ya reji, manambala 6, kenako 2, kenako 1, imayenera kukhala ya munthu mmodzi yekha. Nzeru yoika zinthu m'matebulo olumikizana kudzera pa nambala yotere anailemba Edgar Codd wa ku IBM mu 1970, ndipo mabanki ndi makampani a mafoni akuyendabe pa nzeru imeneyo. Gulu lanu litengerepo: munthu mmodzi, mzere umodzi, nambala imodzi.

Tebulo lili ndi polekezera. Mu October 2020 zinadziwika kuti ku England anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanawerengedwe, chifukwa zotsatira zinkadutsa mu Excel ya mtundu wakale imene imathera pa mzere wa 65,536. Zopitirira pamenepo zinkangogwa mwakachetechete. Chilimba cha anthu 12 chisade nkhawa, koma sukulu kapena kliniki ikakula imafunika database yeniyeni.

Kalembera wa 2022 anali woyamba m'Zambia kulemba anthu pa matabuleti m'malo mwa mapepala. Anawerenga anthu 19.6 miliyoni, ndipo zotsatira zoyamba zinatuluka chaka chomwecho chisanathe.

Kodi mumadziwa kuti fayilo yanu ya kuchipatala nayo ikusamuka? SmartCare, imene Unduna wa Zaumoyo unayamba nayo m'zaka za m'ma 2000, poyamba inkasunga mbiri ya wodwala pa kompyuta ya pa kliniki ndi pa kakhadi koyenda nako. SmartCare Pro yatsopanoyi imasunga pa malo amodzi, n'cholinga choti wodwala wa ku Kabanana akatumizidwa kuchipatala cha Chipata Level One kapena cha UTH, adokotala apeze mbiri yake osayambiranso mafunso. Zimatheka pamene pali malaiti ndi netiweki.

Mu April 2023, lamulo litalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni za ku NAPSA asanapume pa ntchito, ambiri anaphunzira kuti dzina, tsiku lobadwa kapena nambala ya foni za mu database zikasiyana ndi za mwiniwake, ndalama zimadikira mpaka zikonzedwe. Zotsatira za mayeso zimene makolo amafunsa potumiza SMS ku 8383 zimachokera mu database ya Examinations Council of Zambia. Alimi olandira thandizo la boma la FISP amalembedwa mu database ya ZIAMIS. Ndipo kuyambira July 2024, amalonda olembetsa VAT amatulutsa malisiti kudzera pa Smart Invoice, lisiti lililonse n'kukafika ku bungwe la misonkho la ZRA.

Mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse. Kalabu ya amayi kapena ya achinyamata ya ku Kabanana yofunsira thandizo ku Mandevu imafunsidwa mapepala: setifiketi yolembetsera gulu, mndandanda wa mamembala, makope a mareji. Ajambuleni kamodzi bwinobwino, pa thebulo, masana, osati usiku ndi tochi, n'kuwaika mu foda imodzi pa Drive. Tsiku lomaliza kupereka mafomu simudzathamanganso khomo ndi khomo kufunafuna reji ya membala amene wapita ku maliro ku Petauke.

Kodi mumadziwa kuti lamulo lili ndi chonena pa komwe deta imagona? Data Protection Act ya 2021 imati wosonkhanitsa zinthu zokhudza anthu azisunge pa seva ya m'Zambia muno, kupatula mitundu imene nduna yaloleza kuti isungidwe kunja, ndipo imalimbitsa kwambiri pa zachinsinsi monga matenda a munthu. Sukulu ya pulayiveti, kliniki kapena bungwe logwira ntchito m'komboni lifunse kaye kuti seva ili kuti lisanakweze maina a anthu. Ndipo mndandanda wa odwala si wojambula n'kuponya m'gulu la WhatsApp, ngakhale litakhala la mapemphero.

WhatsApp inayamba mu 2009, ndipo Facebook inaigula mu 2014 pa mtengo wa pafupifupi madola 19 biliyoni. Gulu limodzi limalowa anthu 1,024. Admin akakhala mmodzi yekha n'kutuluka mokwiya, WhatsApp imasankha membala aliyense mwachisawawa kuti akhale admin, ndipo nthawi zina mpando umagwera amene mumamuopa.

Koma kodi mumadziwa kuti WhatsApp si mosungira zinthu? Uthenga ukafika pa foni ya mnzanu umachoka pa seva ya kampani. Umene sunafike umadikira masiku 30 basi. Choncho mfundo za msonkhano zimene munaponya m'gulu zili m'mafoni a mamembala okha, pakati pa moni wa m'mawa, maulaliki ndi zithunzi za maluwa. Membala wolowa lero sadzaona zimene munagwirizana chaka chatha. Kucheza kukhale pa WhatsApp, koma malamulo a gulu, mfundo ndi maakaunti zikhale mu foda imene aliyense akudziwa.

Ndandanda ya chopereka cha maliro kapena cha kitchen party ija mukuidziwa: wina alemba 1, 2, 3, aliyense akopera, awonjezera dzina lake ndi K50, n'kuponyanso. Awiri akakopera nthawi imodzi, dzina la mmodzi limagwa, ndipo madzulo kumakhala, "Ine ndinapereka, mwandichotsa bwanji?" Google Forms imathetsa zimenezi. Mlembi akonza kafomu ka mafunso atatu, atumiza linki, ndipo mayankho amagwera okha m'tebulo limodzi, lililonse ndi tsiku ndi nthawi yake. N'zaulere, kupatula bandulo.

Msonkhano wa gulu waulere pa Zoom umaduka pakatha mphindi 40, pa Google Meet mphindi 60, ndipo ponse pawiri pamalowa anthu 100. Komiti ya ukwati ya kwathu kuno mphindi 40 zimatha ikupatsanabe moni ndi kudikira atcheya.

Kodi mumadziwa kuti pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa m'Zambia? Khoti Lalikulu linalamula tsiku lotsatira kuti zitsegulidwe, bungwe la Chapter One Foundation litakasuma. Pasanathe miyezi iwiri, pa 4 October, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6, ulendo uno chifukwa cha cholakwika cha kampaniyo pokonza makina ake. Amene malonda awo onse anali pa WhatsApp anakhala manja lende. Manambala a makasitomala ndi a mamembala muzikhala nawonso pena pamene mungaimbe kapena kutumiza SMS.

Zambia ilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'maiko oyandikana nawo isanakalowe m'zingwe za pansi pa nyanja. Zingwe zina za m'dziko muno zimayenda pamwamba pa mapolo akuluakulu a magetsi, za Fibrecom ya ZESCO. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri za m'nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inakwawa ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Kenya. Starlink, imene imadzera m'mlengalenga, inayamba ntchito m'Zambia mu October 2023.

Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, madera ambiri a Lusaka ankaona malaiti maola ochepa chabe pa tsiku. Maseva akunja ankayaka bwinobwino, koma foni inali yothima, ndipo nsanja za netiweki zinkafooka mabatire akatha. Apa ndi pamene pamafunika kudziwa kuti Google Docs ndi Sheets zimalola kusunga fayilo pa foni kuti muzilembabe popanda intaneti. Netiweki ikabwera, zimene mwalemba zimakwera zokha. Koma muyenera kutchera zimenezi malaiti alipo, osati atapita kale.

Moto susankha. Pa 4 July 2017 City Market inapsa ku Lusaka, amalonda ambirimbiri n'kutaya katundu wawo. Pa 10 March 2021 nyumba ya maseva ya kampani ya OVH inapsa ku Strasbourg, m'dziko la France, ndipo makasitomala amene analibe kopi kwina anataya zonse. Akatswiri ali ndi lamulo lawo la 3-2-1: makope 3, pa zinthu 2 zosiyana, kopi 1 ikhale kutali. Kwa gulu la m'komboni ndiye kuti buku la chikuto cholimba lisatayidwe, tsamba la pa intaneti likhalepo, ndipo mwezi ukatha mlembi atsitse kopi pa flash kapena asindikize, ikagone kunyumba ina.

Akuba a pa intaneti saopa nyumba zazikulu. Mu May 2022 Bank of Zambia inalengeza kuti makompyuta ake ena anasokonezedwa, ndipo inakana kulipira dipo. Kumayambiriro kwa 2024 ku Malawi kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina analowereredwa ndi anthu ofuna dipo.

Koma kwa ife wamba wakuba sathyola seva, amangopempha. Foni ilira, kapena uthenga ubwera m'dzina la mnzanu wa m'gulu la tchalitchi: "Pepani amayi, ndakutumizirani manambala 6 molakwitsa, mundibwezereko." Manambala amenewo ndi otsegulira WhatsApp yanu pa foni yake. Mukangomupatsa, inu mwatulutsidwa, iye n'kuyamba kupempha ndalama za kuchipatala kwa abale anu onse m'dzina lanu. Manambala obwera pa SMS sapatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa ku kampani. Yatsani PIN yachiwiri ya WhatsApp ndi chitsimikizo chachiwiri cha imelo, zonse zili mu Settings. Nambala ya wachinyengo mungaineneze ku bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA poimba *707#.

Kodi mumadziwa kuti fayilo ya pa Google Drive ndi ya munthu amene anaiyambitsa, osati ya gulu? Ngakhale mamembala 30 akhale akuitsegula tsiku ndi tsiku, mwini wake ndi mmodzi. Mlembi akakangana ndi gulu akhoza kuchotsa aliyense ndi chala chimodzi. Akaifufuta, imakhala m'bini masiku 30, kenako imapitiratu kwa onse. Akamwalira pasiwedi ali nayo yekha, mabuku a gulu amatsala m'akaunti imene palibe angalowe. Ine ndikuona kuti vuto lalikulu la magulu athu lili apa, kuposa pa bandulo kapena pa malaiti. Pa msonkhano ukubwerawu funsani kuti mabuku a gulu ali mu akaunti ya ndani. Ngati ndi ya munthu, tsegulani imelo m'dzina la gulu, musamutsire umwini wa mafayilo kumeneko, pasiwedi aidziwe atcheya, mlembi ndi msungichuma, ndipo isinthidwe tsiku limene mmodzi wa atatuwa wachoka pa mpando.